Ndinawasintha Dzina Lokha

1

Dzina langa ndine Leah. Ndinafuna kulisintha polemba nkhaniyi, popeza kusintha mayina a anthu ndi luso limene ndinakhoza bwino ku koleji, koma ndaona ndi maso anga kuti dzina latsopano silibisa munthu.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo ndinakulira m'manja mwa azakhali anga a Matilda ku Chimwemwe, mu Kitwe. Kwathu kwenikweni ndi ku Katete, koma agogo anabwera ku migodi kalekale, moti ambiri a ife Katete timangomumva pamaliro akamalongosola kumene malemu anachokera. Azakhali ankagulitsa chiponde pamsika. Chiponde chimenecho ndi chimene chinandiveka yunifolomu mpaka kundifikitsa ku koleji.

Amuna awo, a Nicodemus, anali a mumgodi. Akakhala osaledzera anali munthu wabwino, koma masiku otero sindikumbuka ambiri. Anamwalira ine ndili ku sekondale yogonera komweko, ndipo mmene anafera anthu onse a mu Chimwemwe ankadziwa. Mwana wawo Barnabas anawapeza akumenya mayi ake kukhitchini, anatola munsi n'kuwamenya nawo m'mutu kamodzi kokha. Kenako anapita yekha kukadzipereka ku polisi. Anthu ankamumvera chisoni, ndipo ngakhale abale a bambo ake ankati mtima wa mwana ukaona mayi ake akumenyedwa suganiza. Khoti linamupatsa zaka zake, iye analandira osadandaula.

Kuyambira pamenepo azakhali sanagwirenso munsi. Mtedza ankakagayitsa kumakina, ndipo amayi anzawo pamsika ankawaseka kuti chiponde chawo n'chaulesi. Mwezi ukatha ankadzaza botolo lalikulu n'kukwera minibasi kukamuona Barnabas kundende. Pamene nkhani yangayi ikuyamba n'kuti atatsala pang'ono kutuluka, ndipo azakhali anali atayamba kale kupenta chipinda chake.

2

Ndinkaphunzira za umbanda ndi chilungamo pa koleji ina ku Ndola. Chaka chomaliza tinali ndi phunziro la njira zochitira kafukufuku, ndipo ankatiphunzitsa ndi a Osward, bambo wamfupi wa tayi imodzi chaka chonse. Anatiphunzitsa kusankha anthu owafunsa, kufunsa mosamukankhira munthu ku yankho, ndiponso kudikira munthu akakhala chete, osafulumira kumuthandiza mawu. Ankati milandu imene apolisi amaidziwa ndi yochepa. Yambiri ili m'mitima ya anthu m'makomboni, ndipo ntchito ya wofufuza ndi kuifikira imeneyo.

Panali zina zimene ankabwereza mpaka tinkamalizira nawo limodzi. Munthu azivomera yekha. Akati lekani, lekani pomwepo. Polemba mum'bise moti ngakhale mayi ake omubala asamuzindikire.

"Ndipo musakafufuze kwanu," ankatero. "Kwanu munthu sakuonani ngati wofufuza. Amakuonani ngati mwana wake, ndiye adzakuuzani zimene simungathe kunyamula."

Pa mayeso ndinakhoza zonsezi kuposa aliyense. Ndikunena izi kuti musaganize kuti ndinalakwa chifukwa chosadziwa.

Itafika nthawi yoti aliyense achite kafukufuku wakewake, ndinasankha za mabanja a akaidi, mmene amakhalira wawo akamangidwa. Ndinapita ku Nkwazi, komboni ina ya mu Ndola momwemo, ndi foni yanga yojambulira mawu, nditavala siketi yaulemu ndi nsapato zimene zinandipweteka tsiku lonse. Khomo loyamba anandifunsa ngati ndine wa polisi. Khomo lina anati mwana wawo ali ku Solwezi kuntchito, pamene oyandikana nawo anali atandilozera okha nyumbayo. Mayi wina anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kundifotokozera bwinobwino mmene makala akwerera mtengo.

Mnzanga Karen, Mbemba amene ankakhala ndi mkulu wake ku Itawa, anali atamaliza kale kufunsa anthu ake.

"Iwe Leah, ba number one, manje uli pa zero?" anandifunsa akuseka.

Ndinaseka nawo, koma zinandilasa. Ndinali nditazolowera kukhala patsogolo, ndipo kumbuyo sindinkakudziwa kakhalidwe kake.

3

Lamlungu lina ndinapita kunyumba. Titachokera ku Misa tinakhala pakhomo la kukhitchini tikusankha mtedza m'lichero, ndipo ndinadandaula mpaka azakhali anatopa nane.

"Manje ukuvutikira chiyani m'makomo mwa anthu?" anatero. "Ine sindine mayi wa mkaidi? Nifunse ine. Bati usinthe dzina."

Mawu a Osward ndinawakumbuka, sindinama. Ndinangowakankhira pambali n'kutulutsa foni. Ndinawafotokozera mwaulemu wonse monga tinaphunzirira, kuti palibe amene adzadziwe, ndiponso kuti akafuna kulekeza angonena.

"Uyankhula ngati nesi," anatero. "Yamba chabe."

Poyamba anayankha zimene mayi aliyense akanayankha. Ananena za mzere wa pageti la ndende, za msilikali amene amatokosa chiponde ndi waya kuona ngati mulibe kanthu, za amayi a m'gulu lawo la kutchalitchi amene ankawapempherera mokweza kwambiri kuti onse amve. Zinali zabwino, koma sizinali zoposa za Karen. Ndiye ndinafunsa funso limene linalibe pa mafunso anga.

"Anti, mukamuona Barnabas akubwera atavala za kundende, mumamva bwanji?"

Anasiya kusankha mtedza. Ndinakhala chete monga anatiphunzitsira, osawathandiza mawu. Nkhuku inabwera kudzatola mtedza m'lichero momwemo, iwo osaiingitsa.

"Zimitsa foni," anatero.

Ndinagwira foniyo n'kuitembenuza chafufumimba pa mkeka.

Zimene anandiuza ndikuuzani kutsogoloku. Analankhula motsitsa mawu, osalira, maso ali pa lichero. Atamaliza anandigwira padzanja, zala zawo zili ndi fumbi lofiira la mtedza.

"Nauza iwe mwana wanga, sininauze koleji," anatero. "Izi zikatuluka pakhomo pano, ine natha, na Barnabas zaka zake zonse wakhalira chabe. Wamvera?"

"Namvera, Anti."

Anapuma mpweya wautali, n'kunena kuti kwa nthawi yoyamba akumva m'chifuwa mopepuka. Kenako anandipakirira botolo la chiponde loti ndikadyere ku Ndola.

4

Sabata yonse ndinalimbana nazo. Ndinalemba kafukufuku wanga popanda mawu aja, ndinawerenga, ndinaona kuti ndi madzi okhaokha. Ndinawaikamo kuti ndingoona mmene akuonekera, ndipo zonse zinadzuka. Umu ndi mmene munthu amadzinamizira. Ndinati Ndola ndi kutali ndi Kitwe. Ndinati akawerenga ndi a Osward okha ndi anzanga a m'kalasi. Ndinafika ponena kuti ndikuthandiza dziko kumvetsa chilungamo.

Azakhali ndinawatcha Mayi Tisauke. Chimwemwe ndinaitcha komboni ina ya kumigodi. Koma chiponde ndinachisiya, munsi ndinausiya, ngakhale zoti mayiyo amagayitsa kumakina chifukwa dzanja lake limakana munsi ndinazisiya. Ndinkadziwa kuti kubisa munthu ndi kuchotsa zimenezi, koma zimenezi ndi zimene zinkakometsa nkhani, ndipo ndinazikonda kuposa mwini wake.

Tsiku lofotokoza zimene tapeza, ndinaima kutsogolo kwa kalasi n'kuwerenga ndime ija liwu ndi liwu, m'Chinyanja chawo chomwe, kenako m'Chingelezi. Kalasi yathu inali yaphokoso, koma tsiku limenelo ndinamva fani ikuzungulira kudenga.

A Osward anavula magalasi. "Izi ndi zimene ndimanena," anatero. "Mlandu woti khoti linautseka, koma choonadi chake chili kwina. Mawuwa ndi ake enieni?"

"Enieni, sala."

"Ndipo anavomera kuti muwagwiritse ntchito? Akudziwa kuopsa kwake?"

"Anavomera."

"Si wachibale?"

"Ayi, sala."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anachenjeza kalasi yonse kuti zimene tamva zithere m'chipinda momwemo. Anzanga anaomba m'manja. Ndinamva kukoma, ndipo ndikamakumbuka kukoma kumeneko ndimafuna kudzilavulira.

Potuluka Karen anandikoka pamkono.

"Iwe, uja Mayi Tisauke, chiponde chake amagulitsa pa msika wa Chimwemwe?"

"Awe, ni wa ku Mufulira," ndinatero msangamsanga.

"Oho," anatero. "Nafunsa chabe. Ba mayo benze na tebulo pa Chimwemwe kudala, pafupi na mayi wina wa chiponde cha makina."

Zaka zonse zimene ndinaphunzira naye sindinamufunsepo kumene "ba mayo" akewo, mayi ake omubala, amakhala. Ndinadziuza kuti Karen ndi wophunzira mnzanga, malamulo akuwadziwa ngati ine.

5

Patapita milungu ingapo kunagwa maliro ku Chimwemwe. Anamwalira mkulu wina wa kwathu ku Katete, mnzawo wa a Nicodemus wa mumgodi, ndipo anthu onse a kummawa, kumene kuli Katete, tinasonkhana, kuphatikizapo abale a malemu a Nicodemus.

Kwa amene simukhala kuno, pali mwambo wa chimbuya. Ife a kummawa ndi Abemba ndife anthu osekana. Maliro akakhala athu, Abemba ndi amene amagwira ntchito, ndiponso ali ndi ufulu wotinyoza mmene angafunire. Amatipaka ufa kumaso, amatitcha odya mbewa, amanena kuti malemu wathawa ngongole ya mowa. Ife timabwezera kuti iwo ndi odya anyani. Palibe amakwiya. Mawu a mbuya, munthu wosekana naye, salowa mumtima, ndipo munthu ukasekera limodzi, nkhani yathera pomwepo.

Titabwera kumanda, amayi tinakhala pabwalo pamikeka. Ndinaona mayi wina wonenepa akuyenda ndi mbale ya ufa, akupaka aliyense wa kummawa, anthu akuseka. Nkhope yake inali ya Karen yeniyeni. Anafika pa azakhali, anawapaka ufa pachipumi ndi m'masaya, n'kukweza mawu m'Chibemba kuti bwalo lonse limve.

"Onani uyu. Inu a kummawa ndinu oopsa. Mbewa mumapha ndi khasu, amuna mumapha ndi munsi, kundende n'kutumiza mwana."

Bwalo linaseka. Ngakhale alongo awo a Nicodemus anaseka. Mayiyo sanaganize kuti akuulula kanthu, kwa iye zinali zoseketsa za chimbuya zimene anatola kwa mwana wake. Azakhali akanangoti, "Choka apa iwe wodya anyani," zikanapita ndi mphepo ngati zina zonse.

Koma sanaseke. Anakhala chiwumire, ufa uli mbuu kumaso, kenako anatembenuka pang'onopang'ono kufunafuna pakati pa anthu mpaka anandipeza. Anandiyang'ana ine ndekha. Amene anali pafupi analeka kuseka, ena anatsatira, mpaka bwalo lonse linangoti zii. Alongo awo a Nicodemus anaimirira.

"Matilda," anatero, "n'chifukwa chiyani sukuseka?"

Tsopano ndikuuzeni zimene anandiuza tsiku lija pa mkeka. Barnabas sanamenye munthu. Tsiku limenelo anafika kunyumba bambo ake ali kale pansi, munsi uli m'manja mwa mayi ake. A Nicodemus anali atawakanikiza pakhosi, iwo anapulumuka, anatola chimene chinali pafupi. Barnabas anawalanda munsiwo, anawasambitsa m'manja, n'kuwauza kuti, "Amayi, ndende simungaikwanitse, ndipo Leah adzatsala ndi ndani? Mukatsegula pakamwa, ine sindinenso mwana wanu." Anali atangoyamba kumene ntchito ya umakaniki. Anavula ovolosi yake n'kupita ku polisi.

Dzina langa linalimo m'mawu amenewo. Powerenga m'kalasi ndinalisintha kukhala "kamwana kaja".

6

Madzulo amenewo abale a malemu anabwera kunyumba. Sanatukwane. Ananena kuti mwana anamukhululukira chifukwa ndi magazi awo, koma mkazi amene anakhala nawo pa maliro a mlongo wawo akulira, akudziwa zimene anachita, ameneyo ayi. Anati apita ku polisi. Azakhali sanakane kanthu ndipo sanavomere kanthu. Anangowaperekeza mpaka pageti monga alendo ena onse.

Ine ndinadikira kuti andikalipire. Ndinkalakalaka atanditukwana, atandiponyera katundu panja. Anangophika, anandipakulira, anakagona.

M'mawa ndinawapeza atakhala m'chipinda cha Barnabas, chimene chinkanunkhabe penti. Anali atasamba, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku loyera, korona ili m'manja. Ndinagwada pakhomo.

"Anti, nikhululukireni. Ninasintha dzina, sininaganize kuti..."

"Uja mayi anakamba mawu anga," anandidula. "Zakuti ninatuma mwana kundende, ni mmene ninakambira ine. Mutu wako ni wabwino, Leah, bati siungasunge mawu onse aja. Foni ija unazimitsa?"

Apa ndi pamene ndinayenera kufa. Funso limeneli inunso mwina mwakhala nalo kuyambira pa mkeka paja. Sindinazimitse. Ndinaigwira, ndinaitembenuza kuti kuwala kwake kusaoneke, n'kuisiya ikujambula. Sindinachite mwangozi. Nditangomva kuti "zimitsa", ndinadziwa kuti chimene ndakhala ndikufuna m'makomo a ku Nkwazi chikubwera. Ndinawapereka asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Sininazimitse, Anti."

"Mawu akalimo?"

"Akalimo."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu n'kuona kuti ndi womwe amayembekezera. Anaimirira n'kukonza duku.

"Chabwino. Sinifuna anipeze pano apolisi, anthu akuonerera. Nizayenda na miyendo yanga monga anayendera mwana wanga. Bati nkhani ija ninaikamba kamodzi, siningakwanitse kuikamba kawiri. Tenga foni yako, tiye. Ukawayatsire."

"Anti, ningafufute manje manje. Palibe umboni wina. Mungakane."

"Nakana zaka zingati? Vala nsapato."

Tinayenda wapansi kudutsa pamsika. Amayi anzawo anasiya kuitanira malonda. Azakhali anapatsa moni aliyense, ine ndili pambuyo, foni ili m'thumba ikundiotcha ntchafu. Ku polisi ndinaiika pa tebulo n'kuiyatsa. Ndinamva nkhuku ija ikutola mtedza, kenako mawu awo akuti "Zimitsa foni", kenako kaphokoso ka foni ikutembenuzidwa. Wapolisiyo anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo azakhali anayang'ana kukhoma.

7

Pamene ndikulemba izi azakhali ali m'manja mwa boma kudikira mlandu. Loya akuti pali chiyembekezo, popeza ankadziteteza, ndipo akanati anene zoona tsiku lomwelo mwina sakanakhalitsa n'komwe. Mawu amenewo sindinayerekeze kukamuuza Barnabas. Iye sanatuluke pa nthawi imene tinkayembekezera, chifukwa tsopano akufunsidwa za kunamiza khoti. Chipinda chake chopenta chija chili chotseka.

Zotsatira zitatuluka ndinapezeka woyamba m'kalasi. Ndinapita kwa a Osward n'kuwauza zonse. Sanakweze mawu. Anandifunsa ngati pali chimene sanandiphunzitse, ndinati palibe. Anachotsa kafukufuku wangayo, ndipo ngati koleji idzandilole kubwereza, sindikudziwa. Karen amanditumizira mauthenga opepesa, akuti anangouza mayi ake okha. Sindimukwiyira. Iye anauza mayi ake, ine ndinauza kalasi yonse.

Owerenga anzanga, makamaka inu amene mukuphunzira ntchito yofunsa anthu za moyo wawo, sindikuuzani kuti musiye. Ntchitoyo ndi yofunika, ndipo zimene a Osward ankanena n'zoona, milandu yambiri ili m'mitima ya anthu. Mwinanso ena a inu mukuti choonadi chinayenera kutuluka basi. Kapena chinayeneradi. Koma chinali cha azakhali ndi Barnabas, anachilipira ndi zaka zawo, ndipo tsiku lochitulutsa anayenera kusankha okha. Ine ndinachitenga kuti anthu a m'kalasi andiombere m'manja. Munthu akakuuzani kuti zimitsani, ndiye kuti wasiya kulankhula ndi ntchito yanu, akulankhula ndi inu. Ndili ndi manyazi amene sindikudziwa kuti ndidzawatula kuti.

Tebulo la pamsika ndikukhalapo ndine tsopano. Amayi a pamenepo sandinyoza, ndipo kusandinyozako kumandipweteka kuposa chipongwe. Mwezi ukatha ndimadzaza mabotolo awiri a chiponde n'kukwera minibasi. Azakhali amalandira lawo, amandifunsa ngati ndikudya bwino, amandiuza kuti ndachepetsa mchere. La Barnabas msilikali amalowa nalo, amakhalitsa pang'ono, kenako amabwera nalo losatsegula. Ndimaliika m'chikwama, ndipo mwezi wotsatira ndimapita nalo lina.